MAKINA OLIMA DIMA: KODI MLIMI WA KU KATETE, SINDA NDI VUBWI ADZAPINDULA NAO CIANI?

Wolemba Mtolankhani Wathu

MUNTHU aliyense amene anakulira m'midzi ya Mfumu Mbang'ombe ku Katete, ya Mfumukazi Kawaza kapena ya Mfumukazi Nyanje ku Sinda, ngakhale ya Mfumu Pembamoyo ku Vubwi, safunika kumuuza kuti dima nciani. Udzu ukakula m'munda, mwini munda ataona kuti khasu lake limodzi silingathe kuugonjetsa, amai a m'nyumba afulula mowa kapena thobwa naitana anansi. M'mamawa anthu makumi awiri afika ndi makasu ao, aliyense apatsidwa ndime yake, ndipo munda umene munthu mmodzi akadaupalira masabata atatu utha dzuwa lisanalowe.

Mwina mudzadabwa kumva kuti nzeru yomweyi ndiyo ili pa phata pa makina okwera mtengo koposa amene ali kupangidwa kutsidya la nyanja masiku ano. Makinawa ndiwo ayendetsa cimene Azungu acicha artificial intelligence, kapena mwacidule AI, ndiko kuti nzeru zopangidwa ndi anthu zimene zithandiza kompyuta kuzindikira cithunzi, kumva mau a munthu, kumasulira cinenero ndi kuyankha mafunso. Makampani akuluakulu ali kupikisana koopsa pogula makinawa, ndipo maiko amphamvu ayamba kukanganirana za iwo monga akanganirana za mafuta a galimoto. Nkhaniyi ioneka ngati ya kutali, koma ikhudza mkuwa wathu, magetsi athu, cinenero cathu ndi munda wa cimanga uli kuseri kwa nyumba.

MUTU UMODZI UNALEMA

M'kati mwa kompyuta iliyonse, ngakhale m'foni ya m'manja, muli kaphale kopyapyala kochedwa chip. Kaphaleka kapangidwa ndi silikoni, amene acokera ku mcenga woyengedwa bwino. Pamwamba pake pali tizitseko tating'onoting'ono ta magetsi timene titseguka ndi kutsekeka mofulumira, ndipo kutseguka ndi kutsekeka kumeneku ndiko kuwerengera kwa kompyuta. Dzina la tizitsekoti ndi transistor. Akuluakulu adzakumbukira mawailesi a transistor amene analowa m'midzi muno m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Wailesi yotere inali ndi matransistor owerengeka ndi zala. Kaphale kamene kampani ya Intel ya ku America inaturutsa mu 1971 kanali nao 2,300. Kaphale kochedwa H100, kamene kampani ya Nvidia inaturutsa mu 2022, kali nao 80 biliyoni, ndipo kamng'ono wake kochedwa Blackwell, ka mu 2024, kali nao 208 biliyoni.

Mu 1965 katswiri wina dzina lake Gordon Moore anaona kuti ciwerengero ca matransistor pa kaphale kamodzi cinali kuwirikiza kawiri caka ndi caka, ndipo pambuyo pake anakonza mau ake nati zidzatero pa zaka ziwiri zilizonse. Kwa zaka zoposa makumi atatu zinayendadi motero, ndipo liwiro la kompyuta linakula pamodzi ndi ciwerengeroco. Zinali ngati mlimi mmodzi amene mphamvu zake zionjezeka nyengo iliyonse, osasowa womuthandiza. Koma ca m'ma 2005 mlimiyo analema. Akatswiri anapeza kuti akaonjeza liwiro kaphale katentha kwambiri mwakuti kangapse. Pamenepo anatembenukira ku cimene makolo athu ananena kale, kuti mutu umodzi susenza denga. M'malo mwa mutu umodzi wothamanga, anayamba kuika timitu towerengera tambiri pa kaphale kamodzi, kuti nchito igawidwe ndime ndime ndi kugwiridwa nthawi imodzi.

Codabwitsa ncakuti amene anatsogola pa njirayi anali opanga zosewera za ana. Cithunzi cooneka pa galasi la kompyuta cipangidwa ndi timadontho mamiliyoni, ndipo kadontho kalikonse kafuna samu yakeyake. Samuzo nzapafupi, koma nzambiri, ndipo imodzi siyembekeza inzake. Kampani ya Nvidia, imene Jensen Huang ndi anzake awiri anaiyamba mu 1993, inapanga timaphale ta nchito imeneyi tochedwa GPU. Mu 2012 anthu atatu a pa yunivesite ya Toronto ku Canada, Alex Krizhevsky, Ilya Sutskever ndi mphunzitsi wao Geoffrey Hinton, anatenga ma GPU awiri cabe, ogulidwa monga agulira anyamata osewera, naphunzitsa kompyuta kuzindikira zinthu za mitundu 1,000 poionetsa zithunzi zoposa 1 miliyoni. Nchitoyo inatenga masiku osakwana sabata. Pa mpikisano wa caka cimeneco kompyuta yao inalakwa pa zithunzi 15 mwa 100 zilizonse, pamene woitsatira analakwa pa zithunzi 26. Kuyambira pamenepo dziko lonse linathamangira ma GPU.

Mwina wina afunsa kuti kompyuta iphunzira bwanji. Tiyerekeze kuti tifuna kuti idzizindikira tsamba la cimanga lodyedwa ndi nchemberezandonda. Tiionetsa cithunzi ca tsamba, iyo ilota yankho. Ikalakwa, manambala mamiliyoni amene ali m'kati mwake asinthidwa pang'ono. Tiionetsa cina, ilotanso, manambala asinthidwanso. Zikacitika kambirimbiri, manambala aja akhazikika mwakuti yankho likhala loona kawirikawiri. Palibe matsenga pamenepa ai. Ndi samu za kuculukitsa ndi kuonkhetsa zimene mwana wa Giredi 4 adziwa, koma zobwerezedwa mabiliyoni osawerengeka. Ncifukwa cake pafunika dima. Kaphale ka H100 kokha kali ndi timitu towerengera pafupifupi 17,000, ndipo kampani ya Meta, mwini wa Facebook, pophunzitsa kompyuta yake yochedwa Llama mu 2024 inalumikiza timaphale totere toposa 16,000.

DIMA NALO LILI NDI MABVUTO AKE

Amene anaitanapo dima adziwa kuti si nchito iliyonse imene igawika. Kupalira kugawika, kukolola kugawika, koma ngakhale muitane mudzi wonse cimanga sicingamere msanga kuposa masiku ake. Katswiri wina, Gene Amdahl, anafotokoza zimenezi ndi samu mu 1967. Anaonetsa kuti ngati pa nchito ya magawo 100 pali magawo 5 okha osatheka kugawa, ndiye kuti ngakhale muonjeze anchito zikwi zingati, nchitoyo singafulumire kupitirira kamakumi awiri.

Bvuto laciwiri ndilo khomo la nkhokwe. Okolola angakhale ambiri ndi acangu, koma ngati ngolo ya ng'ombe ndi imodzi ndipo pothirira m'nkhokwe ndi pamodzi, onse aima ndi madengu pamutu kuyembekezana. M'kompyuta namonso manambala asungidwa pena ndi kuwerengeredwa pena. Masiku ano kuwerengera kweni kweni kufulumira kwambiri kuposa kututa manambala kucokera kosungira, ndipo kututako kudya magetsi ambiri kuposa samu yeniyeniyo. Motero akatswiri ayamba kusanja timaphale tosungira manambala kamodzi pamwamba pa kanzake, ngati nyumba zosanja za ku Lusaka, ndi kutiika pambali penipeni pa kaphale kowerengera. Makampani akuluakulu amene apanga timaphale tosanjati ndi atatu: SK Hynix ndi Samsung a ku South Korea, ndi Micron ya ku America.

Ndiye pali uja mnzathu amene sasowa pa dima lililonse, amene maso ake ali pa mtsuko wa mowa, khasu lake likaguluka mpini aliyense amuyembekeze. Timaphale zikwi zambiri tikagwira nchito imodzi tiyenera kuuzana zimene tapeza nthawi ndi nthawi, ndipo kamodzi kakafa nchito yonse iima. A kampani ya Meta anaulula okha kuti pa masiku 54 a kuphunzitsa kompyuta yao ija, nchito inadukiza mwadzidzidzi nthawi 419, ndiko kuti pafupifupi kamodzi pa maola atatu alionse.

NJALA YA MAGETSI

Koma bvuto loposa onse, limenenso likhudza ife mwacindunji, ndilo magetsi. Kaphale kamodzi ka H100 pogwira nchito kafuna mawati ofika 700, mphamvu yokwana kuyatsa mababu 70 a mawati 10. Kakagwira usana ndi usiku kadya mayuniti pafupifupi 17 pa tsiku. Timaphale 16,000 tija tifuna mamegawati oposa 11, osawerengera makina otiziziritsa. Kuti mumvetse kukula kwake, malo akale opangira magetsi a pa mtsinje wa Lusiwasi ku Serenje, amene kwa zaka zambiri ndiwo anali kuunikira Cigawo ca Kum'mawa, anamangidwa kuti adzipereka mamegawati 12. Ndiye kuti kompyuta imodzi yokha ikadamwa pafupifupi magetsi onse a pa Lusiwasi.

Makina a Nvidia a mu 2024 aikidwa m'kabati yaitali ngati ya zobvala, momwe mukhala ma GPU 72. Kabati imodzi ifuna makilowati pafupifupi 120, ndipo itentha kotero kuti mphepo siikwanira kuiziziritsa: apititsamo madzi m'timipope. Ku Sinda kuno, kampani ya Muhanya Solar inakhazikitsa mu 2017 magetsi a dzuwa a makilowati 30 otumikira mabanja ndi timasitolo ta m'mudzi. Pangafunike malo anai otere kuti kabati imodzi ija iyake, ndiponso dzuwa lidziwala usiku womwe. Ndipo makabatiwo sakhala amodzi. Ku Memphis, m'dziko la America, kampani ya Elon Musk inalumikiza timaphale ta H100 tokwana 100,000 m'nyumba imodzi mu 2024.

Bungwe loona za mphamvu pa dziko lonse la International Energy Agency linawerengera kuti mu 2024 nyumba zosungira makompyuta zinadya gawo limodzi ndi theka mwa magawo 100 a magetsi onse a pa dziko lapansi, ndipo linati pofika 2030 zidzafuna kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Magetsi amene nyumbazi zinadya caka cimeneco aposa kamakumi awiri magetsi onse amene Zambia apanga pa caka. Njalayi yafika poti mu September 2024 kampani ya Microsoft inapangana ndi eni malo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island ku America kuti atsegulenso makina ao amene anatsekedwa, a mamegawati oposa 800. Damu lathu la Kafue Gorge Lower, limene linatha kumangidwa mu 2023, lipereka mamegawati 750.

Owerenga athu sanaiwale caka ca 2024. Mvula inadula cimanga cili kumasula, ndipo pa 29 February Mtsogoleri wa Dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga anapserera. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kotero kuti pofika September magetsi anali kuzima mpaka maola 21 pa tsiku. Zigayo zinaima, owocherera zitsulo m'mbali mwa mseu wa Great East pa Katete ndi pa Sinda anakhala manja lende. Amene anena kuti Zambia amange msanga nyumba zikuluzikulu za makompyuta zonga za ku America ayenera kuyamba ayankha funso ili: magetsi akacepanso, adzayamba kuzimitsa kuti, ku makinawo kapena ku cigayo? Kwa ife tiona kuti magetsi a dzuwa, onga a mamegawati 100 amene anatsegulidwa ku Chisamba mu 2025, ndiwo ayenera kutsogola, makompyuta adze pambuyo.

Komabe pali mbali ina yotikomera. Magetsi sayenda popanda mkuwa. Kabati imodzi ya ma GPU 72 ija ili ndi nthambo za mkuwa pafupifupi 5,000, zimene mutazilumikiza zingatalike makilomita oposa atatu, osanena za nthambo zikuluzikulu zobweretsa magetsi ku nyumbazo. Zambia anakumba matani a mkuwa oposa 800,000 mu 2024, ndipo Boma linaika colinga cakuti afike matani 3 miliyoni pa caka pofika 2031. Nzeru za makinazi zalowanso m'nchito yofufuza mkuwawo. Kampani ya KoBold Metals ya ku America, imene igwiritsa nchito makompyuta posanthula mapu ndi malipoti akale a miyala, inalengeza mu February 2024 kuti pa Mingomba, ku Chililabombwe, pali mkuwa wocuruka ndi wapamwamba. Ngakhale golide, wonga amene apezeka ku Vubwi, ali ndi nchito yake m'makinawa: amupaka pang'ono polumikizira timaphale cifukwa sacita dzimbiri. Cotsala ncakuti ife tigulitsa mwala, ena atigulitsa makina.

MAKINA A MAWA

Akatswiri ali kuyesa njira zingapo zopulumukira mabvutowa. Ya kampani ya Cerebras ya ku America njosabvuta kuimvetsa. Timaphale tonse tidindidwa pa mbale yozungulira ya silikoni, yaikulu ngati mbale ya nsima, kenaka mbaleyo idulidwa tizidutswa. A Cerebras anati: tiduliranji, pamene pambuyo pake tibvutika kulumikizanso tizidutswato ndi nthambo? Motero iwo asiya mbaleyo yathunthu. Phale lao la mu 2024 lili ndi matransistor 4 thiriliyoni ndi timitu towerengera 900,000. Olima onse ali m'munda umodzi, nkhokwe ili pakati pao.

Ena afuna kuti uthenga pakati pa timaphale udziyenda ndi kuwala m'malo mwa magetsi, podzera m'timaulusi ta galasi, popeza kuwala kuyenda mtunda wautali osatenthetsa njira yake. Njira yomweyi ndiyo ibweretsa intaneti m'nthambo zokwiriridwa m'mbali mwa miseu yathu, koma tsopano ali kuifikitsa pa kaphale penipeni, ndipo Nvidia inalengeza makina otere mu 2025. A ku migodi ayenera kuichera khutu nkhaniyi, cifukwa pamene palowa galasi mkuwa uturukapo, ngakhale kuti nthambo zonyamula magetsi zidzafunabe mkuwa.

Njira yacitatu ndiyo yotsanzira ubongo wa munthu. Ubongo uli ndi timinyewa pafupifupi 86 biliyoni togwira nchito nthawi imodzi, koma udya mphamvu yonga ya mawati 20 okha, mababu awiri basi, ndipo mafuta ake ndi nsima ndi ndiwo. Cinsinsi cake cimodzi ncakuti kamnyewa kalikonse kakhala cete kufikira patafika uthenga wokakhudza, ndiponso kosungira ndi kowerengera ndi pamodzi. Ku yunivesite ya Manchester ku England anamanga makina otsanzira ubongo ochedwa SpiNNaker, amene mu 2018 anafika timitu 1 miliyoni, ndipo Intel inaonetsa mu 2024 makina ochedwa Hala Point okhala ndi timinyewa topanga toposa 1 biliyoni. Makinawa akali m'manja mwa ofufuza. Za makompyuta ochedwa quantum, amene achuka m'manyuzipepala a kunja, tingonena kuti ambiri a iwo afunika kuzizira koposa cisanu ciliconse ca pa dziko lapansi, ndipo mlimi asawayembekeze msanga.

Koma pa zonsezi, cimene tiona kuti cidzafika msanga pa khomo la mlimi si makina akuluakulu ai, koma ang'onoang'ono. Pali kusiyana pakati pa kuphunzitsa kompyuta ndi kuigwiritsa nchito itaphunzira kale. Sing'anga aphunzira zaka zambiri, koma kuyeza wodwala kumtengera mphindi zocepa. Kuphunzitsa ndiko kufuna nyumba zodzaza makabati. Nzeruyo ikapsa, aifinya kuti icepe ndi kuiika m'foni. Kuyambira 2017 makampani a Apple ndi Huawei anayamba kuika m'mafoni ao kagawo kapadera ka samu za AI, dima laling'ono la m'thumba, ndipo opanga mafoni ena atsatira. Foni yotere itha kucita zina popanda intaneti, ndipo ichajidwa ndi kasola ka pa denga. Kwa munthu wa m'mapiri a Vubwi, kumene ena akwera pa culu kuti apeze netiweki, nkhani yaikulu ndi imeneyi.

ZIMENE ZAYAMBA KALE

Nchemberezandonda zinalowa m'Zambia kumapeto kwa 2016, ndipo kuyambira pamenepo palibe mlimi wa cimanga amene sazidziwa. Akatswiri a pa yunivesite ya Penn State ku America, mothandizana ndi bungwe la zakudya ndi malimidwe la FAO, anapanga pulogalamu ya pa foni yochedwa Nuru, mau a Ciswahili otanthauza kuwala. Mlimi aloza kamera pa tsamba la cimanga kapena la cinangwa, foni imuuza ngati pali mbozizi kapena matenda, ndipo itero ngakhale pamalo popanda intaneti. Ku Malawi, tsidya lina la malire a Vubwi, bungwe la Opportunity International linayamba mu 2024 kuyesa pulogalamu yochedwa Ulangizi, imene iyankha mafunso a alimi pa WhatsApp m'Cicewa ndi m'Cingerezi.

Nkhani ya mvula ndiyo ingakhale yaphindu koposa. Kale kulosera nyengo kunafuna makompyuta akuluakulu ogwira nchito maola ambiri. Mu 2023 a Google DeepMind ku London anaonetsa pulogalamu yochedwa GraphCast, imene inaphunzitsidwa ndi mbiri ya nyengo ya zaka pafupifupi 40. Kuiphunzitsa kunatenga timaphale 32 kwa masabata anai, koma itaphunzira ilosera nyengo ya masiku khumi m'nthawi yosakwana mphindi imodzi, pa kaphale kamodzi kokha. Mu 2025 Boma la India linagwiritsa nchito mapulogalamu a mtundu umenewu potumiza uthenga wa pa foni kwa alimi 38 miliyoni, kuwauza nthawi imene mvula yeniyeni idzayamba. Aliyense amene anabzalapo ndi mvula yonyenga ya mu November, mbeu yogula ndi ndalama nkupserera m'nthaka, adziwa mtengo wa uthenga wotere. Koma pulogalamu ilosera bwino pamene pali zoyeza zokwanira, motero zoyezera mvula za pa masukulu ndi pa makampu a alangizi a malimidwe zifunika kusamalidwa ndi kulembedwa tsiku ndi tsiku kuposa kale.

Ku zipatala nakonso zafika. Mu 2021 bungwe la zaumoyo la World Health Organization linabvomereza kuti makompyuta adziwerenga zithunzi za X-ray za pa cifuwa pofufuza cifuwa cacikuru ca TB mwa anthu a zaka 15 ndi kuposa. Pa cipatala conga ca St Francis ku Katete, cimene cakhala cikutumikira anthu kuyambira 1948 ndipo cilandira odwala ocokera kutali, thandizo lotere lingapeputse nchito ya madokotala, ngakhale kuti mau omaliza akhalabe a dokotala. Ticenjezenso pano kuti makinawa alakwa, ndipo polakwa sacita manyazi kapena cibwibwi: ayankha zabodza ndi mau amphamvu omwewo amene ayankhira zoona. Mlimi asathire mankhwala m'munda cifukwa foni yatero asanafunse mlangizi wa m'dera lake.

MWINI DIMA NDANI?

Pa dima, ngakhale onse atuluke thukuta, cimanga cilowa m'nkhokwe ya mwini munda. Tsono mwini wa makinawa ndani? Kaphale kamodzi ka H100 kanali kugulidwa pa mtengo wa madola a ku America pafupifupi 30,000. Pa mtengo wa K330 umene bungwe la Food Reserve Agency linagulira thumba la cimanga la makilogalamu 50 mu 2024, mlimi akadagulitsa matumba oposa 2,000 kuti agule kamodzi. Timaphale ta Nvidia tipangidwa ndi kampani ya TSMC ya pa cisumbu ca Taiwan, ndipo makina odinda timaphale tapamwamba kwambiri apangidwa ndi kampani imodzi yokha pa dziko lonse, ya ASML ya ku Netherlands. Kuyambira October 2022 Boma la America laika malamulo oletsa kapena kucepetsa kugulitsa timaphale tamphamvu ku China. Mu January 2025 linaikanso lamulo logawa maiko m'magulu atatu, ndipo Zambia pamodzi ndi maiko ambiri a mu Africa anaikidwa m'gulu la pakati, loyenera kugula mwa muyeso. Lamulolo linacotsedwa mu May caka comweco, koma linationetsa kuti khomo la sitoloyi lingatsekedwe ndi munthu wina tsiku lililonse.

Mu Africa muno ena ayamba kudzuka. Mu March 2025 kampani ya Cassava Technologies, ya Strive Masiyiwa wa ku Zimbabwe, inalengeza kuti idzaika ma GPU a Nvidia ku South Africa, kenaka ku Egypt, Kenya, Morocco ndi Nigeria, kuti ofufuza a mu Africa adzibwereka pa mtengo m'malo mogula ao. Imeneyi ndi nzeru ya thirakitala ya kopaletivu: simugula yanu, mulipira maekala amene yakulimirani. Kuno kwathu, mu November 2024, a Felix Mutati monga Nduna ya Zaluso ndi Sayansi anakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya AI ya zaka za 2024 mpaka 2026, imene inachula malimidwe, umoyo, maphunziro ndi migodi pakati pa nchito zoyenera kupindula. Intaneti yodzera m'mlengalenga ya Starlink inayamba kugwira nchito m'Zambia mu October 2023, ndipo itha kufika kumene nthambo sizinafike. Ana a pa Chassa, pa Katete Secondary ndi pa masukulu a ku Vubwi amene akonda samu adziwe kuti samu za kuculukitsa mizere ya manambala, zimene aphunzira m'makalasi apamwamba, ndizo zomwezo ziyendetsa makinawa.

Pali cinthu cimodzi cimene eni makina alibe, ndipo sangacikumbe pansi kapena kucidinda ku Taiwan: cinenero cathu. Kompyuta iphunzira kucokera ku zimene yaonetsedwa ndi kumvetsedwa. Google inaika Cicewa pa makina ake omasulira mu 2014, koma amene anayesapo adziwa kuti nthawi zina aturutsa mau oseketsa, cifukwa zolembedwa za m'cinenero cathu zimene zili pa intaneti nzocepa kwambiri poyerekeza ndi za Cingerezi. Pa zomvetsera kusiyanako nkwakukuru koposa. Kampani ya OpenAI pophunzitsa makina ake omva mau ochedwa Whisper mu 2022 inagwiritsa nchito mau ojambulidwa a maola 680,000. Ofufuza a pa University of Zambia, pa nchito yao yochedwa Zambezi Voice imene anaiturutsa mu 2023, anasonkhanitsa maola ongopitirira 80 a mau owerengedwa ndi kulembedwa bwino, kuphatikiza Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi pamodzi, ndi maola ena 160 a mapulogalamu a pa wailesi. Ncoyamba cabwino, ndipo ayenera kuyamikidwa.

Koma mau a m'mabuku ndi a pa wailesi si ndiwo alankhulidwa pa citsime. Mai wa ku Nyanje afunsa za mwana wake wodwala m'Cinsenga. Nkhalamba ya ku Mkaika, kumene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana pa Kulamba mwezi wa August kudzalambira Kalonga Gawa Undi, ili ndi maina a mitundu ya nthaka, ya udzu ndi ya mvula amene sanalembedwe m'buku lililonse. Ambiri mwa amene afunika thandizo la makinawa koposa ndi amene sadziwa kulemba, ndipo adzafuna kulankhula nao pakamwa. Kuti foni idzamve mai wa ku Nyanje uja, padzafunika anthu oyenda m'midzi ya Katete, Sinda ndi Vubwi ndi zojambulira mau, atapempha cilolezo kwa mafumu ndi kwa eni mauwo, ndiponso pangano lomveka bwino lonena za amene adzasunga mauwo ndi amene adzalandira malipiro makampani akadzafuna kuwagwiritsa nchito.